Kukapuma kuminda ya tiyi ku Thyolo osabwerako ndi ngongole

Kwa Amalawi ambiri a m'tauni, tchuthi ndi kunyanja basi. Likayandikira tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, kapena nyengo ya Khirisimasi, misewu ya ku Mangochi ndi ku Salima imadzaza ndi galimoto, eni malo ogona amakweza mitengo, ndipo pofika Januwale ena mwa anthu omwewo amapezeka akugogoda pakhomo pa wokongoza katapila kuti apeze fizi ya ana. Ena ataona zimenezi adangogamula kuti zokayenda n'za azungu ndi mabwana, iwo ulendo wawo ndi wa kumudzi kukaona makolo kapena wa kumaliro. Magulu awiri onsewa amadumpha malo omwe ali pafupi kwambiri ndi Blantyre, komwe munthu atha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo m'thumba mukadali kanthu.

Ndikunena minda ya tiyi ya m'boma la Thyolo. Kuchokera ku Blantyre kukafika paboma pa Thyolo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40, potsata msewu wa M2 womwe umapitirira mpaka ku Mulanje ndi kuchipata cha Muloza. Mukadutsa Bvumbwe, nyumba ndi magolosale zimayamba kutalikirana, kenako dziko limangotseguka: zitunda zobiriwira zotsatizana, tiyi wolingana msinkhu ngati wina wachita kumumeta ndi sizasi, timisewu tofiira tokhotakhota, nkhalango za bulugama, ndipo kukakhala kopanda mitambo phiri la Mulanje limaoneka lili njo chakum'mawa. Alendo a ku Ulaya amalipira ndege ndi madola ambirimbiri kuti adzaone zimenezi. Ife timazidutsa pa minibasi tikuwodzera.

Ubwino wa Thyolo ndi wakuti chinthu chenicheni chomwe munthu amapitira kumeneko, kukongola kwa dzikolo ndi kamphepo kake kozizira, sichilembedwa pa risiti. Ndalama zimathera panjira, pogona ndi pakamwa. Palinso kabowo kena komwe sitikonda kukatchula, ndiko kudzionetsera, kufuna kuti anzathu a pa Facebook aone kuti nafenso tagona pamalo odula. Munthu akadziwa potulukira ndalama zake, atha kusankha poumira ndi potsegula dzanja, chifukwa si paliponse pomwe kuumira kuli kwanzeru. Pena n'kulakwa kumene.

Minda yomwe ili ndi mbiri

Ndi bwino kupita mukudziwa chomwe mukukaona. Kuyesa koyamba kubzala tiyi m'dziko muno kudachitikira ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndi mbewu zochokera ku Edinburgh ku Scotland. Ulimi wa malonda udayambira ku Mulanje mu 1891, pomwe Henry Brown adabzala tiyi pa esiteti ya Thornwood, ndipo n'chifukwa chake Malawi amawerengedwa m'gulu la mayiko omwe adayamba kalekale ulimi wa tiyi muno mu Africa. Ku Thyolo tiyi adafala kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, m'minda momwe kale munkalimidwa khofi ndi fodya.

Mayina omwe mumaona pazikwangwani za m'mbali mwa msewu ndi a nthawi imeneyo. Satemwa adayiyambitsa mu 1923 ndi Maclean Kay, mzungu wa ku Scotland yemwe adayamba wagwirapo ntchito m'minda ya raba ku Malaya, ndipo mpaka lero esitetiyi ili m'manja mwa banja lake. Conforzi ndi dzina la banja la Chitaliyana. Kulinso Naming'omba, Makandi, Nchima, ndi minda ya kampani ya Eastern Produce monga Makwasa. Tiyi wambiri wa m'minda imeneyi sitimumwa ife ayi. Amagulitsidwa kunja, wina kudzera pamsika wa tiyi wa ku Limbe, ndipo ogula akuluakulu ndi a ku Britain ndi South Africa, omwe amamukonda chifukwa cha kufiira kwake n'kumamusakaniza ndi tiyi wa m'mayiko ena.

Koma mbiriyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo mlendo Mmalawi sayenera kuiiwala. Malo amenewa adatengedwa nthawi ya atsamunda, ndipo anthu omwe ankakhalapo, pamodzi ndi Alhomwe ambiri omwe adalowa kuchokera ku Mozambique, ankagwira thangata, ntchito yokakamizidwa m'malo mwa lendi ya malo omwe amakhalapo. Mu Ogasiti 1953, nthawi ya mkangano wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ku Thyolo kudabuka zipolowe zomwe gwero lake lalikulu lidali nkhani ya malo. Nkhaniyo sidathe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti bomali lili ndi anthu oposa 720,000, ndipo ambiri mwa iwo apanikizana patimalo tating'ono m'mphepete mwa maesiteti. Mukamayenda mudzaona nokha: mbali iyi ya msewu tiyi mpaka pomwe maso alekezera, mbali inayo chimanga, nandolo ndi chinangwa zobzalidwa mpaka pakhonde. Ana mukawatenga, afotokozereni zimenezi. Ndi phunziro lomwe silifuna fizi.

Panjira ndi pomwe zimayambira kutha

Kwa munthu mmodzi kapena awiri, palibe choposa minibasi. Zimanyamukira ku Limbe, ndipo apa pali kanthu komwe kamasocheretsa alendo. Minibasi za ku Mulanje zimayenda njira ziwiri, ina ya Thyolo, ina ya Midima. Woitanira akamakuwa kuti Mulanje, funsani kaye kondakitala ngati akudzera ku Thyolo, apo ayi mudzapezeka mukudutsa njira yopanda minda yomwe mwanyamukira. Kwerani m'mawa, chifukwa madzulo, mvula ikagwa, kapena mafuta akasowa, mtengo umasintha pakamwa pa kondakitala. Mvanani mtengowo musanakhale pampando, ndipo konzeranitu ndalama zing'onozing'ono. Nkhani ya chenji yaphetsa maulendo ambiri chisangalalo asanafike n'komwe.

Mukatsika pamsewu waukulu, pamatsala mtunda wolowa m'kati mwa esiteti, ndipo pena umakhala wa makilomita angapo. Apa ndi pomwe akabaza a njinga zamoto amadikirira. Ngati muli ndi mphamvu ndipo mulibe katundu wolemera, yendani wapansi. Ndiko kuona tiyi kwenikweniko: mumamva fungo la masamba, mumakumana ndi othyola tiyi atabereka madengu kumsana, mumapereka moni n'kuyankhidwa. Kabaza musungeni wa pobwerera, miyendo ikalema, ndipo tengani nambala yake ya foni kuti musadzavutike dzuwa likamalowa.

A galimoto yawoyawo, kuwerengera kwake n'kwina. Galimoto yokwera anthu asanu ikanyamula awiri, mipando itatu yopanda anthuyo mukuilipirira mafuta inuyo. Mabanja awiri akasonkherana mafuta a galimoto imodzi, kapena gulu la kumpingo kapena kuntchito likachita hayala minibasi imodzi, mtengo wa munthu aliyense umatsika kwambiri. Thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwerera musanachoke ku Limbe. M'zaka zaposachedwapa mafuta akhala akusowa pafupipafupi, ndipo wothera mafuta pakati pa minda ya tiyi amagula a m'zigubu pamtengo womwe wogulitsayo wafuna, osadziwanso kuti asakanizamo chiyani.

A ku Lilongwe ndi kumpoto ulendo wawo ndi wautali, ndiye nzeru ndi kuuphatikiza ndi wina. Mwabwera ku Blantyre kuukwati, kuchinkhoswe kapena kumsonkhano wa kuntchito? Onjezerani tsiku limodzi. Thiransipoti yaikuluyo mwalipira kale.

Nyengo nayo ili ndi mtengo wake. Tiyi amakhala pachimake nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pomwe minda imabiriwira kwambiri, othyola amakhala ambiri, ndipo mafakitale amagwira ntchito usana ndi usiku. Khirisimasi ndi chaka chatsopano zikangodutsa, alendo amachepa, ndipo malo ambiri ogona amamasuka kukambirana mtengo. Vuto la nyengoyi ndi matope, chifukwa misewu ya m'kati mwa maesiteti ndi yadothi ndipo galimoto yaing'ono itha kutitimira. Kwa ine mwezi wabwino ndi Meyi: mvula yasiya, msewu wauma, koma dziko likadali lobiriwira. Juni ndi Julaye ndi miyezi ya chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja kobwera ndi nkhungu, ndiye tengani juzi kunyumba, musakagule ya pakaunjika mokakamizidwa ndi kuzizira. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, utsi wa moto wa m'tchire umabisa mapiri, ndipo zithunzi sizituluka bwino.

Kodi n'koyenera kugona komweko?

Funso limeneli ndi lomwe limagamula kukula kwa bajeti yonse. A ku Blantyre, Limbe, Chiradzulu ngakhale Zomba safunika kugona. Kunyamuka m'mamawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe kumakwanira kuyenda m'minda, kulawa tiyi ndi kudya nkhomaliro. Ndalama ya bedi imatsala yonse.

Komabe m'bandakucha wa ku Thyolo, nkhungu itadzaza m'zigwa, ndi chinthu choyenera kuchiona kamodzi pamoyo, ndipo amachiona yekhayo amene wagona. Malo otchuka kwambiri ndi Huntingdon House pa esiteti ya Satemwa, nyumba yomwe Maclean Kay adamanga mu 1928 kuti azikhalamo ndi banja lake, ndipo pano ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu. Ndi pokongola, palibe angatsutse, koma mtengo wake si wa mphunzitsi kapena namwino wa m'boma. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kukaona malo otere sikufuna kugonapo. Mutha kuimbiratu foni, n'kusungitsa malo a nkhomaliro kapena tiyi wa masana, n'kukhala pakapinga maola angapo, kenako n'kukagona kwina kotchipa. Mwadya kukongola komweko pamtengo wochepa.

Pa esiteti yomweyo pali nyumba ina yakale yotchedwa Chawani, yomwe gulu limatha kubwereka yonse n'kumadziphikira lokha. Nyumba zotere, kulikonse komwe zili, zimaoneka zodula munthu akamva mtengo wa usiku umodzi, koma mtengowo ndi wa nyumba, osati wa mutu. Mabanja atatu akagawana, n'kubwera ndi ufa, ndiwo ndi mafuta ophikira, nthawi zambiri aliyense amalipira zochepa poyerekeza ndi kutenga zipinda zitatu kuloji n'kumadyanso chakudya cha pamenyu.

Kwa ena tonsefe kuli maresitihausi ndi timaloji ta paboma pa Thyolo, pa Bvumbwe ndi ku Luchenza. Apa lamulo ndi lakale lija: safunsa adadya phula. Onani chipinda musanalipire. Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, funsani ngati ofunda alipo m'mawa, yang'anani neti ya udzudzu, ndipo onetsetsani kuti chipindacho sichidagundane ndi bala, pokhapokha ngati mukufuna kuchezera nyimbo za ena usiku wonse. Chipinda chotchipa chomwe simunagonemo tulo n'chodula.

Pamalo aakulu funsani mafunso awiri. Loyamba, ngati ali ndi mtengo wa nzika ndi anthu okhala m'dziko muno, chifukwa malo ambiri okopa alendo amakhala ndi mitengo iwiri ndipo yomwe amaika pa intaneti kawirikawiri ndi ya alendo akunja. Lachiwiri, ngati mtengo womwe akutchulawo waphatikiza kale msonkho wa VAT ndi msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti, komanso ngati kadzutsa ali momwemo. Mtengo ukatchulidwa m'madola, uzani wolandira alendoyo akuuzeni m'makwacha, akulembereni pa WhatsApp. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mtengo womwe mnzanu adalipira chaka chatha musaudalire.

Nanga kugona kwa achibale? Ambiri tili ndi azakhali kapena atsibweni ku Goliati, ku Thekerani kapena ku Masambanjati, ndipo n'zoona kuti kumeneko bedi ndi laulere. Koma tisanamizane. Wochokera m'tauni salowa pamudzi chimanjamanja. Pamafunika shuga, sopo, mafuta ophikira, kachitenje ka agogo, ndipo potsanzikana pamakhala mavuto a fizi ndi feteleza omwe simungawatembenukire msana. Zonsezi n'zabwino, ndi chibale chimenecho, koma muziwerengere ngati ulendo wokaona abale, osati ngati njira yopulumutsira ndalama. Nthawi zina resitihausi imatchipa.

Kamba wa paulendo

Makolo athu sankanyamuka ulendo opanda kamba, ndipo sindikudziwa kuti manyazi onyamula chakudya tidawatenga kuti. Mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza wokazinga, chigumu, botolo la thobwa ndi madzi akumwa okwanira zimachotsa chiyeso chogula tizinthu todula panjira, makamaka mukakhala ndi ana, omwe njala yawo imabwera akangoona shopu.

Ndipo Thyolo ndi dera la chakudya. Msika wa Bvumbwe ndi umodzi mwa misika yomwe imadyetsa Blantyre: tomato, kabichi, anyezi, karoti, masamba osiyanasiyana, ndiponso mkaka, popeza alimi a ng'ombe zamkaka ndi ambiri kumeneko. Mavenda a mumzinda amapikula komweko, ndiye inu mukagula pamenepo mwadumpha phindu la munthu wapakati. Mapeyala nyengo yake ikafika amachita kutayika. Nthochi za ku Thyolo, zomwe kale zinkadzaza malole kupita m'mizinda, zidachepa kwambiri chifukwa cha matenda a chisaka, koma alimi ena adabzalanso mbewu yatsopano ndipo m'mbali mwa msewu zimapezeka. Mukapitirira chaku Mulanje mumakumana ndi zinanazi. Banja lanzeru limagula ndiwo za sabata yonse pobwerera, moti gawo lina la ndalama ya thiransipoti limabwerera kudzera m'khitchini.

Nkhomaliro ya nsima ndi nkhuku yachikuda m'malesitilanti a paboma ndi yokhutitsa ndipo siboola m'thumba. Mukapeza kalongonda wophikidwa ndi odziwa, lawani, ndi chakudya cha Alhomwe chomwe m'tauni simungachipeze wamba. Zakumwa ndiye mdani wamkulu wa bajeti. Botolo lomwelo lomwe mumagula pagolosale limakwera mtengo likangolowa mufiriji ya loji, ndipo abambo ambiri akawerengera bwino amapeza kuti mowa wadya ndalama zambiri kuposa bedi. Ngati malo omwe mwafikira salola kulowa ndi zakumwa zanu, lemekezani lamulo lawo, koma dziikireni malire musanakhale pansi.

Pomwe ndalama iyenera kutuluka

Ndanena kuti si paliponse poyenera kuumira. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kulipira ku Thyolo, ndi kulawa tiyi ndi kuona momwe amapangidwira. Ku Satemwa amachititsa zimenezi kwa alendo omwe asungitsiratu malo. Ambirife tidakula tikudziwa tiyi wamtundu umodzi, wakuda, wothira shuga masupuni atatu ndi mkaka ukapezeka. Kumeneko amakuikirani makapu ambiri pamzere: tiyi wakuda, wobiriwira, woyera, ndi wina wotchedwa oolong, ndipo mumadabwa kumva kuti onsewo amachokera ku chitsamba chimodzimodzi. Kusiyana kuli pa kathyoledwe ndi kakonzedwe. Wothyola waluso amatenga masamba awiri anthete ndi kansonga. Kufakitale masambawo amawayanika kuti afote, amawadula kapena kuwapota, amawasiya kuti mpweya uwasinthe mtundu, kenako amawaumitsa ndi moto n'kuwasefa malinga ndi kukula kwake. Tiyi wobiriwira amamutenthetsa msanga kuti asade. Mabulugama aja mumawaona m'mbali mwa minda si okongoletsa, ndi nkhuni za mafakitale. Mukamva zimenezi, kapu ya tiyi ya m'mawa simudzaiona chimodzimodzi, ndipo paketi yogula pomwepo ndi mphatso yabwino kuposa tizidole ta m'mashopu a alendo.

Chachiwiri ndi wokuperekezani m'nkhalango. Phiri la Thyolo kale lidali ndi nkhalango yowirira, koma mbali yaikulu idadulidwa anthu atasowa polima, ndipo zigawo zomwe zidatsala zili makamaka mbali ya maesiteti. M'menemo mumakhala mbalame yosowa yomwe akatswiri adaitcha dzina la bomali, Thyolo alethe, yopezeka m'nkhalango zochepa chabe za kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique. Pali anthu omwe amauluka kuchokera kutsidya la nyanja kudzangoona kambalame kameneka. Inu simungakapeze nokha, ndipo kulowa m'nkhalango popanda wodziwa njira ndi kudziika pamavuto. Mulipireni woperekezayo ndalama yomwe mwagwirizana, gulu lonse lisonkhe.

Kumbukiraninso kuti maesiteti ndi malo a eni ake. Misewu ina yodutsa m'mindamo ndi ya aliyense, anthu a m'midzi amayendamo tsiku ndi tsiku, koma kulowa m'kati mwa munda, kuyala mkeka, kapena kufika pafakitale ndi pamadamu kumafuna chilolezo. Imbani foni kapena funsani pageti. Kuzemba mlonda kuti mupulumutse kandalama kolowera kumathera m'manyazi, ndipo mlondayo ndi amene amakayankha kwa mabwana ake.

Apa ndifike pa nkhani yomwe imandinyansa. Pali anthu omwe kuloji amalipira bilu yonse osafunsa kanthu, mwinanso n'kusiya ya pamwamba kuti aoneke mabwana, koma akafika kwa mayi wogulitsa phava la nthochi amanenerera mpaka thukuta, n'kufunanso banyira. Wakabaza wawakweza chitunda chonse, iwo n'kumudula theka la mtengo. Kumeneko si kusunga ndalama. Makampani a tiyi m'dziko muno amalemba anthu pafupifupi 50,000 nyengo ya ntchito ikafika pachimake, ndipo nkhani ya kuchepa kwa malipiro awo ndi yodziwika, moti mu 2015 kudakhazikitsidwa ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipirowo, ndipo mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi lidasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU. Zinthu zidasunthako, koma moyo wa wothyola tiyi ukadali wovuta, ndipo ambiri ntchito yawo ndi ya nyengo chabe. Ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi akabaza ndi a m'mabanja omwewo. Kunenerera ndi chikhalidwe cha pamsika, palibe cholakwika, koma kukhale ndi polekezera. Nenererani kwa mwini loji, yemwe ali ndi poyambira.

Chimodzimodzi zithunzi. Mayi yemwe akuthyola tiyi ali pantchito, amalipidwa potengera makilogalamu omwe wathyola, ndipo mphindi zomwe mwamuimitsa kuti amwetulire kamera ndi ndalama yomwe wataya. Pemphani kaye, ndipo akakana, musaumirire.

Zina zapafupi

Yemwe ali ndi masiku awiri kapena atatu sangasowe kolowera. Ku Bvumbwe kuli Game Haven, m'nkhalango ya Chimwenya, komwe ana atha kuona mbidzi, akadyansonga ndi agwape osapita ku Liwonde kapena ku Majete, ndipo alendo a tsiku limodzi amalandiridwa. Ku Makwasa kuli mishoni ya Malamulo ya mpingo wa Seventh-day Adventist, yomwe idayamba mu 1902 ndipo mtsogoleri wake woyamba adali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Njira yopita kumeneko imadutsa m'minda ya tiyi yokongola kwambiri, ndipo minibasi zimafika. Ku Ndata kuli sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014, pafupi ndi Mpumulo wa Bata pomwe padaikidwa Bingu wa Mutharika mu Epulo 2012. Ndipo Mulanje ali pafupi, ndi Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula komanso nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002. Phirili lidalowa m'ndandanda wa malo a chikhalidwe a UNESCO mu Julaye 2025. Koma musaunjike zonsezi pa ulendo umodzi. Malo aliwonse owonjezera ndi thiransipoti ina ndi ndalama ina yolowera, ndipo mumabwerako mutatopa osaona kanthu bwinobwino. Sankhani awiri.

Ndalama ya ulendo isakhale ya ngongole. Tchuthi cha katapila chimatha Lamulungu, koma chiwongoladzanja chimatsala mpaka Pasaka. Amayi a banki m'khonde adatiphunzitsa kale njira: kuponya pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Gulu la anthu khumi litha kutsegula thumba lapadera la ulendo, kusankha msungichuma, n'kugwirizana tsiku miyezi itatu isanakwane. Ndalama zikhale pa Airtel Money kapena Mpamba, koma mutape kamodzi zokwanira musanalowe m'minda, chifukwa kutapa pang'onopang'ono kumadya ndalama zambiri zodulidwa, ndipo m'kati mwa maesiteti ma ejenti ndi osowa, netiweki nayo imavuta m'zigwa. Patulani kandalama kena ka mwadzidzidzi komwe simukakhudza pokhapokha tayala litaphulika kapena mwana atadwala. Kakabwerako kosagwiritsidwa ntchito, ndi poyambira ulendo wotsatira.

Unduna woona zokopa alendo wakhala ukulimbikitsa Amalawi kuyendera dziko lawo ndi mfuu ya Tidziyamba Ndife, ndipo mwezi wa Seputembala udapatulidwa kukhala wa zokopa alendo. Ndi ganizo labwino, koma silingapite patali ngati Mmalawi wamba akuopa ngakhale kufika pageti chifukwa sakudziwa kuti akamuuza zingati. Eni maesiteti ndi khonsolo ya boma la Thyolo achitepo kanthu: mitengo ya alendo a tsiku limodzi ilembedwe m'makwacha pachikwangwani pamsewu waukulu, pakhale tinjira todziwika tomwe anthu angayendemo mwaufulu, ndipo ana a sukulu za m'bomalo, omwe makolo awo ndi amene amathyola tiyiyo, apatsidwe masiku olowa m'fakitale mwaulere.